Nsomba za Apongozi Anga

Ine ndi mlamu wanga, mlongo wake wa mwamuna wanga, sitinkamwerana madzi. Chidanicho sichinayambire pa nsomba ayi, koma pa nsomba m'pamene chinaonekera poyera.

Kwathu ndi ku Dowa. Ku Mzimba ndinapita ndi ntchito, nditangomaliza maphunziro a zamagetsi ndi makompyuta. Sukulu ina ya ukachenjede inkachita kafukufuku pa damu lina la kumusi kwa mapiri a Luwawa, cha kumbali ya Champhira, ndipo inkafuna munthu woti azikhala pafupi n'kumayang'anira zida zawo. Aphunzitsi eni kafukufukuyo ankabwera mwa apo ndi apo, kudzajambulitsa zithunzi ali m'bwato, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Wotsala ndi madzi ozizirawo ndinali ine. Ndili komweko ndinapeza banja kwa mnyamata wa m'mudzi woyandikana ndi damulo. Tisanatenthetse n'komwe nyumba, iye ananyamuka ulendo wa ku Joni, monga amachitira anyamata ambiri a kumeneko, ine n'kutsala pamudzi wa eni ake.

Ntchito yanga inali yotere. M'damumo tinamiza timakina tingapo, kukula kwake ngati botolo la mafuta ophikira, tomangirira ku miyala ndi zingwe. Tina tinali pafupi ndi pamwamba, tina pakati, tina pansi penipeni. Kalikonse kankayeza kuzizira kwa madzi ndi mpweya wa m'madzimo, umene nsomba zimapuma. Kuyezako sikunali kovuta. Chovuta chinali kutulutsa zoyezedwazo m'madzi kuti zindipeze kumtunda. Netiweki ya foni silowa m'madzi, imangoti yalowa pang'ono basi yafa. Choncho timakinato tinkatumizirana uthenga ndi kulira, kulira kwakung'ono kosafika patali. Kapansi kankauza kapakati, kapakati n'kuuza kapamwamba, mpaka uthenga ukafike pa mgolo woyandama pakati pa damu, umene unali ndi sola komanso kadi ya foni. Mgolowo ndiwo unkaponya zonse ku laputopu yanga, mu kontena ya m'mphepete mwa damu imene ndinkaitcha ofesi.

Kulira kumadya batire, ndipo batire ya chinthu chimene chili pansi pa madzi sasintha ngati ya tochi. Umayenera kubwereka bwato, kukoka chingwe chodzala ndere, kumasula, kumatanso bwinobwino kuti madzi asalowe, kenako kumiza pamalo omwe aja. Dongosolo limene ndinalipeza linali lakuti kamakina kalikonse kazipereka uthenga kwa kanzake kamene kali pamwamba kuposa iko, basi. Zikumveka zanzeru, poti mgolo uli pamwamba. Koma mapeto ake mauthenga onse ankathera kwa kamodzi, kamene kanali kunsi kwenikweni kwa mgolowo. Tinzake tinkalira zathu zokha, iko kankalira za tonse. Batire yake inkatha msanga, ndipo kakangofa damu lonse linkati zii, ngakhale kuti tinato mabatire anali odzadza.

Miyezi yambiri ndinaithera pa vuto limeneli. Ndinasintha kuti kamakina kasamangoyang'ana kamene kali pamwamba, koma kazionanso kuti mwa toyandikana nako, kali ndi batire yambiri ndi kati, kuti katundu azilandirana. Ndinatiletsa kulira popanda chatsopano: madzi akakhala monga analili, kakhale chete. Ndinatigawiranso nthawi, chifukwa tiwiri tikalira pamodzi kachitatu sikamva kanthu, ngati mmene zimakhalira pa msonkhano wa komiti ya ukwati. Kamene kanandizunza kwambiri ndi kamene tinamiza m'dzenje lakuya pafupi ndi khoma la damu. Pakati pa iko ndi tinzake ta pamwamba panali chulu chakale chomira pamodzi ndi zitsa, ndiye kulira kwake sikunkadutsa. Lamulo loti uthenga uzingokwera linkakasiya kokhakokha, kakulira wopanda wokamva. Ndinachita kukalola kuti kazitumiza cham'mbali, kwa kena ka kuya komweko, uthenga uzungulire chulucho kenako ukwere. Tsiku limene kanamveka koyamba ndinavina ndekha mu kontena muja mpaka chitsulo chinalira.

Kunyumba kunalibe womuuza nkhani ngati zimenezi.

Apongozi anga aamuna anali munthu wopuma pa ntchito ya zankhalango, wamtali, wosachulutsa mawu, wosavula jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Akazi awo anamwalira ine ndisanafike pamudzipo. Penshoni yawo yonse anaiika pa nsomba. Padamupo panali kalabu ya alimi amene ankaweta makumba m'zikwere, ndiye kuti maukonde akuluakulu olendewera m'madzi, omangirira ku migolo yoyandama, ndipo chikwere chachikulu kuposa zonse chinali chawo. Anachiika chakufupi ndi khoma, pamadzi akuya, ati kumeneko akuba safikako msanga. M'mawa uliwonse ankapalasa bwato ali ndi ndowa ya gaga wosakaniza ndi soya. Pamudzi sindinawaonepo akuseka, koma pachikwere paja ndinkawaona patali akugwedeza mutu, nsomba zikuwirira pamwamba kulimbirana chakudya.

Kwathu ku Dowa wothawa apongozi ndi mwamuna. Mkamwini ndiye amapatuka n'kulowa patchire akakumana ndi amayi a mkazi wake panjira, ndipo ine ndinakula ndikuseka amuna a achemwali anga akudzikanda ndi minga pothawa amayi. Ku Mzimba zinanditembenukira. Mkamwana salankhula ndi bambo a mwamuna wake, salowa m'nyumba mwawo, sawayang'ana kumaso. Mabanja ambiri a ku boma analeka kale zimenezi, koma banja ndinakwatiwakoli linagwiritsa. Moni wokha ndinkaupereka nditagwada chapatali, maso pansi, iwo n'kuyankhira kumbali ngati akulankhula ndi mtengo wa mapeyala. Mawu ena aliwonse ankayenera kudzera kwa munthu. Mwamuna wanga atapita, munthuyo anali mlamu wanga.

Iye anali wamkulu kwa mwamuna wanga. Ukwati wake utatha anabwerera kwa bambo ake, ana n'kutsala kuchimuna monga mwa mwambo wa kumeneko. Ng'ombe zimene anamulowolera iye ndi zomwezo zimene anakandilowolera ine, ndipo sanalole kuti ndiiwale zimenezo ngakhale tsiku limodzi. Ndikamatuluka m'mawa ndi chikwama cha laputopu ankauza nkhuku za pabwalo kuti, "Ng'ombe zanga zikupita kuntchito." Ankauza amayi a kumjigo kuti mchimwene wake anakwatira mkazi wolankhula ndi madzi, wovala buluku ngati mwamuna. Bulukulo ndinkavaladi, n'kumanga chitenje pamwamba. Ayese iye kukoka chingwe m'bwato atavala diresi, aone amene aseke. Chitumbuka changa ankachibwereza pamaso pa alendo kuti anthu aseke, ine n'kumubwezera Chichewa chothamanga, cha kwathu kwenikweni, kuti asamve ngati ndamutukwana kapena ndamuyamika. Pakamwa ndinali napo, sindibisa.

Zonse za pakhomo paja zinkadutsa m'manja mwake. Ndiye ankaphikira mkuluyo, ndiye ankalandira zotumizidwa kuchokera ku Joni, ndiyenso ankasunga foni ya bambo ake poti iwo maso ankawavuta. Ngakhale mwamuna wanga akaimba, woyamba kuyankha anali iye.

Chaka chimene ndikunenachi, anzawo a m'kalabu anakolola nsomba zawo mwezi wa Seputembala, sukulu zikutsegulidwa. Apongozi anga anakana. Ankadikira Disembala, pamene anyamata a ku Joni amabwera ndi magalimoto awo n'kumagula chilichonse osanenerera. M'damu monse munatsala chikwere chawo chokha chodzadza.

Okutobala anatentha moipa, mphepo osaomba n'komwe. Kukatentha choncho madzi ofunda amakhala pamwamba, ozizira pansi, osasakanikirana. Pansipo zakudya zotsala ndi ndowe za nsomba zimaola, ndipo kuolako kumamaliza mpweya. Kamakina kanga ka m'dzenje kaja kanayamba kunena kuti pansi mpweya watha. Poyamba ndinakakayikira, ndinapita n'kukakoka, kukapukuta, kukamizanso. Kananenanso zomwezo. Posakhalitsa ka pamwamba pake kanavomereza. Madzi akufawo ankakwera pang'onopang'ono, ndipo pamwamba pawo penipeni panali chikwere cha apongozi anga.

Chimene chinatsala ndinkachidziwa. Mvula yoyamba yamphamvu ikagwa, madzi ozizira a m'mapiri akalowa pamodzi ndi mphepo, damu limatembenuka, za pansi kubwera pamwamba. Nsomba zongoyenda m'damu zimathawira kumtunda, kumene kumalowera mtsinje. Za m'chikwere zilibe kothawira. Mankhwala ake sanali ovuta: aleke kudyetsa, akolole msanga, kapena akokere chikwerecho kumtunda kuja. Inali ntchito yoti amuna angapo ndi mabwato awiri akanaimaliza dzuwa lisanafike pamutu.

Ndinaimbira aphunzitsi aja. Anasangalala, ati zimenezi n'zofunika kwambiri pa kafukufuku wawo, ndisunge bwino manambala onse. Mlangizi wa zansomba anali ku maphunziro kutali. Wapampando wa kalabu anandimvetsera bwino, kenako anandiuza kuti iye ndi mkuluyo salankhulana chiyambire mkangano wa malo oika zikwere, komanso kuti munthuyo ndi apongozi anga, timagona mudzi umodzi, ndikawauze kunyumba. Njira zonse zinandibwezera kwa mlamu wanga.

Ndinamupeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Ndinakhala pansi, ndinameza zonse zimene ndinali nazo kukhosi, n'kulankhula mofatsa monga sindinalankhulirepo naye.

"Alamu, ndapota nanu, mukawauze adada kuti madzi a pansi pa chikwere aonongeka. Mvula ikangogwa nsomba zifa. Akolole sabata inoyi, kapena akokere chikwere kumtunda."

"Wakuuzani ndani?"

"Makina aja."

"Yewo chomene, tamva," anatero osadzutsa mutu. "Mbwenu makina ndiwo ayamba kulamula pa nyumba ya adada."

M'mawa mwake ndinaona bwato la apongozi likupita kuchikwere, ndowa ili yodzadza. Ndinabwerera kwa mlamu, anati wawauza, akuganiza. Ndinabwereranso, anati munthu wamkulu sakankhidwa ngati wilibala. Ndinamujambulira papepala, madzi abwino pamwamba, akufa pansi, chikwere pakati, iye anayatsira moto pepalalo ine ndikuona. Ndinaimbira mwamuna wanga ku Joni. Analonjeza kuti awaimbira bambo ake. Ataimba anayankha ndi mlongo wake yemweyo, n'kumuuza kuti adada agona, komanso kuti mkazi wake akufuna kuwagulitsitsa nsomba motchipa kuti anzake a ku boma agule. Madzulo ake mwamuna wanga anandiuza kuti ndisamuike pakati, iye ali kutali, akuvutika ndi ntchito, akazi awiri tizigwirizana. Ndinamuzimira foni. Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo mtima umandiwawa, chifukwa anali bambo ake, sanali bambo anga.

Masiku amenewo ndinkakhala pakhomo la kontena n'kumaonerera mkuluyo akuthira gaga. Poti ankafuna kuti nsomba zinenepe pofika Disembala, anawonjezera chakudya. Ndowa iliyonse, chotsala chinkatsikira pansi kukaola, ndipo madzulo ake ndinkachiona pa laputopu. Pakati pa ine ndi iwo panali madzi oti ndikanakuwa akanamva. Ine amene ndinapezera njira kamakina ka kuseri kwa chulu ndinkalephera kufikitsa mawu kwa munthu amene ndinkamuona ndi maso.

Kenako mitambo inayamba kuunjikana kumapiri masana aliwonse, yakuda kunsi, n'kumabalalika madzulo. Anthu ankasangalala, ali kalikiriki kumaliza kugalauza m'minda. Ine ndikamva mabingu ndinkangoyang'ana chikwere chija. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye m'mawa wina ndinatseka laputopu, ndinamanga chitenje bwinobwino, n'kutsetserekera padoko.

Ndinawapeza apongozi akumangirira bwato pachikhomo, atangobwera kodyetsa. Chapafupi panali amuna ena akusoka ukonde. Ndinagwada m'matope, patali ndithu, maso pansi.

"Adada, pepani chomene, ndikudziwa kuti sindiyenera kutero. Madzi a pansi pa chikwere chanu alibe mpweya. Mvula ikagwa abwera pamwamba, nsomba zanu zonse zifa. Kololani, kapena kokerani chikwere kumene kumalowera mtsinje. Musadikire Disembala."

Ndinalankhula zonsezi mpweya umodzi. Amuna aja anasiya kusoka. Apongozi sanatembenuke, koma ndinaona dzanja lawo litaima pachingwe, mfundo isanathe kumangidwa. Pamenepo ndinadziwa kuti nkhaniyi akuimva koyamba. Mlamu wanga sanawauze kanthu, ngakhale liwu limodzi.

Ndinayembekeza kuti afunsa. Iwo anamaliza mfundo ija, anatola ndowa yawo, n'kuyang'ana amuna aja.

"Kasi pa nyumba yane ŵanthu ŵamara?" anatero.

Ankafunsa anthu apadera ngati pakhomo pawo anthu anatha, kuti mpaka mkamwana azichita kuwaimika padoko. Anakwera chitunda osacheuka, ine ndili chogwada, matope akulowa m'chitenje. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamveponso, ndipo pambuyo pa manyaziwo panabwera mkwiyo woti ndikanatha kuphwanya bwato lija ndi manja.

Nkhani inandiyambirira kufika kumudzi. Pamene ndinkafika madzulo, azakhali a mwamuna wanga anali ataitanidwa kale kuchokera kutsidya, ndipo mlandu unali utagamulidwa ine kulibe. Ndinachititsa manyazi mkulu pamaso pa anthu, ndiye ndipereke nkhuku yopepesera. Za nsomba palibe anatchula. Azakhaliwo analankhula mwachifundo, ati ndine mlendo, sindidziwa, ndiphunzira. Wobweretsa chigamulo pakhomo panga anali mlamu, nkhope ili ngwee ngati wapambana mpikisano wa kwaya.

"Kwanu mumakwera apongozi pamutu," anatero. "Kuno yayi."

"Munawauza adada zimene ndinakutumani?"

"Ine ndine thenga wanu? Ng'ombe zanga zinakubweretsani, mbwenu ndizikunyamuliraninso mawu?"

Ndinamuyankha kuti munthu amene ukwati unamukanika asabwere kudzandiphunzitsa ukamwana. Anaponya pansi beseni limene ananyamula. Tikanagwirana pakanapanda azakhali aja kulowa pakati. Zimene tinauzana pambuyo pake sindizilemba. Iye sanabweze mawu ake, inenso sindinabweze anga.

Nkhuku ndinakagula pamsika wa ku Champhira, tambala wamkulu wofiira, kuti asadzanene kuti Mchewa anapereka mwanapiye. Poti sindikanaipereka ndekha, inadzeranso kwa mlamu yemweyo. Uthenga umenewo wokha anaufikitsa tsiku lomwelo. Anaipha, anaiphika, fungo lake linafika mpaka pakhomo panga, ine ndikudya masamba a maungu. Ndinanena mumtima kuti nsombazo zife, ndiwaone. Ndinatseka pakamwa panga, osatchulanso za damu kwa wina aliyense wa pamudzipo.

Apongozi anapitiriza kudyetsa. Chimene ndinaona chosintha n'chakuti akamaliza ankakhalitsa m'bwato, akuyang'ana m'madzi. Tsiku lina anapisa mkono mpaka m'phewa, n'kununkhiza dzanja. Madzi a pamwamba anali abwinobwino, nsomba zikudya monga mwa masiku onse, ndiye anapukuta dzanja pa jekete n'kupalasa kubwerera. Ndinamva pambuyo pake kuti anafunsako mwana wawo wamkazi uja kuti kodi mkamwana ankati chiyani za mvula, iye n'kuwayankha kuti ndi zamakina, ndipo makinawo ndiwo amasokosera nsomba.

Mvula inagwa masana ena ine ndili mu kontena. Inayamba ndi mphepo yochokera kumapiri, yozizira ngati ya mu Juni, kenako matalala, kenako madzi enieni. Denga lachitsulo linkalira moti sindinkamva ngakhale kutsokomola kwanga. Mtsinje unasefukira n'kulowa m'damu uli wofiira. Ndinakhala pa laputopu n'kumaona. Timakina tonse tinadzuka nthawi imodzi, poti tsopano chatsopano chinalipo, ndipo kalikonse kanadikira nthawi yake, kanasankha njira yake, palibe uthenga umene unatayika. Chiyambire ntchito ija sizinayendepo bwino ngati tsiku limenelo. Kutentha kwa madzi a pamwamba kunatsika mpaka kufanana ndi kwa pansi. Mpweya wa pamwamba unayamba kugwa, n'kumagwabe. Ndinkaziona zonse bwinobwino, ndipo panalibe choti ndingachite nazo.

Mvula itakata chakumadzulo, damu linkanunkha ngati mazira oola. Ndinaima pakhoma n'kuona nsomba za m'chikwere zitatulutsa milomo pamwamba, zikuyasamula, zothithikana. Ndinathamangira kumudzi, ndinakuwa pabwalo osasamala kuti akumva ndani, amuna anatsika ndi mabwato. Koma chikwere chodzadza sichikokedwa mofulumira, ndipo madzi oipawo anali atafalikira kale mbali yonse ya kukhoma. Mdima unawapeza asanafike nacho n'pakati pomwe.

Kutacha, chikwere chinali choyera ndi mimba za nsomba. Zinali zazikulu, zonenepa, zoti Disembala akanazilandira ndi manja awiri. Anthu anabwera ndi mabeseni ndi matumba kuchokera midzi yonse yozungulira. Ena anagula pamtengo wachipongwe, ambiri anangotola. Amayi anasonkha moto m'mphepete mwa damu kuti awambe zimene akanatha, koma dzuwa litakwera zambiri zinali zitayamba kale kufufuma, ndipo zinakwiriridwa m'dzenje. Mlamu wanga anali pakati pa amayiwo, mpeni m'manja, akutumbula nsomba uku akulengeza kuti wakhala akunena kuti makina a mkazi uja adzapha nsomba, nazi zafa. Ena anamuvomereza. Wina anaponya mwala pa kontena. Sindinatuluke kukayankha, chifukwa ndikanatuluka wina akanagonekedwa kuchipatala ku Embangweni.

Chakumasana anthu atachepa, ndinamva mapazi pakhomo. Anali apongozi, ali okha. Buluku linali lonyowa mpaka m'chiuno, mamba a nsomba ali mbuu m'manja ndi pa jekete. Ndinatsika pampando n'kugwada. Sanayang'ane kumbali monga ankachitira. Anandiyang'ana ine, ndipo nanenso ndinadzutsa mutu. Chikwatiwire changa, linali tsiku loyamba kuona maso awo. Anali ofiira, aang'ono, a munthu wokalamba kuposa mmene ndinkaganizira.

Analankhula Chichewa, pang'onopang'ono, kuti ndisaphonye kanthu.

"Mkamwana, nkhani yotere sanena kamodzi."

Munthu amene anandisiya ndili chogwada m'matope, amene anadya tambala wanga, lero akuti sindinabwereze.

"Ndinanena kambirimbiri, adada. Kamene kanakufikani n'kamene ndinalipira nkhuku."

Sanakwiye. Sanafunse kuti maulendo enawo ndinanena kwa yani, ndipo ndikhulupirira kuti ankadziwa. Madzi ankadontha m'buluku kugwera pachitsulo. Kenako analoza laputopu ndi chibwano.

"Makina anuwo angaone ngati pansi pa ukonde patsala zamoyo?"

"Ayi, adada. Amayeza madzi okha."

"Yewo," anatero, n'kutembenuka.

M'mawa mwake ndinalawira kuntchito, poti kunyumba sikunali kokhalika. Nditangotsegula kontena ndinaona bwato lawo lili kale pamadzi. Anapalasa mpaka pamene amuna aja anasiya chikwere chitapendekeka. Ndowa inali yodzadza ngati masiku onse. Ndinali ndikadali wokwiya, ndi iwo, ndi mwana wawo wamkazi, ndi mwana wawo wa ku Joni, ndipo mkwiyowo sunachoke, koma misozi inatuluka yokha. Anatapa gaga ndi dzanja n'kuwaza. Anadikira. Anawazanso mbali ina, n'kudikiranso, mpaka ndowa inatha. Gagayo anayandama kanthawi pamwamba pa madzi, kenako anamira.